Kunyamula Njinga Kumbuyo kwa Galimoto: Kabuku ka Mabanja a mu Blantyre ndi Limbe

Njinga yakapalasa siilemera kufika pa thumba la chimanga, koma kuinyamula pa galimoto n'kovuta kuposa thumba. Ndi yaitali, handulo yake ndi yotambalala, mapedulo amakanda penti, tcheni chimadetsa mipando. Ambiri tinazolowera kuikankhira m'buti, theka lili panja, chitseko n'kuchimanga ndi malegeni. Pofika kumene tikupita, limu yapindika, masipoko athyoka, mwinanso galasi lakumbuyo lang'aluka.

Komabe njinga zimayenera kuyenda. Wina wagulira agogo njinga ku Limbe ndipo akufuna ikafike ku Phalombe ili bwinobwino. Wina akutengera mwana wake njinga yoti azipitira kusekondale kumudzi. Ena Loweruka amakonda kukapalasa m'minda ya tiyi ku Thyolo, ku Likhubula m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kapena pamwamba pa phiri la Zomba. Palinso alendo amene amabwera kuchokera ku South Africa ndi ku Ulaya pa galimoto zokhala ndi pogona ndi pophikira m'kati mwake, zimene amazitcha motorhome, njinga zitamangidwa kumbuyo. Galimoto zotere n'zochepa kwathu kuno, koma vuto lake ndi lofanana ndi la Hiace kapena pikiyapu yaitali, choncho tizikamba pamodzi.

Kabuku kano kakunena za chonyamulira njinga chimene chimamangidwa pa towbar, chitsulo chija chokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto. M'masitolo amachitcha bike rack. Uphungu waukulu ndi uwu: musasankhe chonyamulira poona kuchuluka kwa njinga zimene zajambulidwa pakatoni. Zonyamulira zambiri anazipangira njinga zopepuka ndi misewu yosalala. Njinga zathu ndi zolemera, ndipo misewu yathu ili ndi mahampu ndi maenje. Sankhani mutaŵerenga nambala imene ili pa towbar yanu, ndiponso mutaika njinga yanu pasikelo.

Yambani mwagwada kumbuyo kwa galimoto yanu

Musanapite kusitolo kapena kwa wowotcherera, tengani tochi ndi kansanza, mugwade kumbuyo kwa galimoto muone chimene chilipo.

Galimoto zambiri zazing'ono zimene timaitanitsa ku Japan, monga Sienta, Passo, Vitz, Freed ndi Demio, zimabwera zopanda towbar. Kunsi kwake mungapezeko kambedza kakang'ono kokokera galimoto ikawonongeka. Kambedza kameneko si towbar, ndipo bampala nayo si towbar; ya galimoto zamakono ndi pulasitiki chabe yokutira chitsulo chopyapyala. Musapachikepo kanthu.

Mapikiyapu ndi galimoto zikuluzikulu zochokera ku South Africa, monga Hilux, Ranger, Isuzu ndi Fortuner, nthawi zambiri zimakhala ndi towbar yokhala ndi mutu wobulungira wa mamilimita 50. Umenewu ndiwo muyeso wa ku South Africa ndi ku Ulaya, ndipo zonyamulira zochokera kumaikowa zimaluma pamutu umenewu. Pa magalimoto ambiri mutuwu umamangidwa ndi mabawuti awiri akuluakulu otalikirana mamilimita 90.

Mtundu wina ndi wa ku America ndi ku Australia: kumbuyo kuli chibowo cha ngodya zinayi chimene mumalowetsamo mkono wa chonyamulira n'kutsekera ndi pini. Ku America chibowo chofala ndi cha mainchesi 2, chaching'ono ndi cha inchi imodzi ndi kota. Chonyamulira cholowa m'chibowo sichingagwire pamutu wobulungira, ndipo choluma pamutu sichingagwire m'chibowo chopanda mutu. Anthu ataya ndalama zambiri poitanitsa chinthu pa intaneti, chitafika n'kupeza kuti sichikugwirizana ndi galimoto. Chenjeraninso ndi mitu ya muyeso wa mainchesi: wa mainchesi 2 umaposa wa mamilimita 50 pang'ono, pomwe wa inchi imodzi ndi 7/8 ndi wocheperapo. Ndi maso simungasiyanitse. Makaniko aliyense wodziwa ntchito ali ndi choyezera, mupempheni ayeze.

Mukadali chogwada, onani mmene towbar yagwirira ku tchesisi. Mabawuti onse alipo? Pali dzimbiri lofundukuka? Pali mng'alu pamene anawotcherera? Igwireni ndi manja awiri muigwedeze mwamphamvu. Iyenera kugwedezeka pamodzi ndi galimoto yonse. Ikamasewera payokha kapena kulira, konzani zimenezo poyamba, nkhani ya njinga ibwere pambuyo.

Nambala imene ili pa towbar

Towbar yopangidwa kufakitale imakhala ndi kachitsulo kapena chomata cholembedwa manambala. Pukutani fumbi ndi kansanza kaja. Anthu ambiri amaona nambala yaikulu, mwina makilogalamu 1,500 kapena 3,500, n'kusangalala kuti towbar yawo ndi yamphamvu. Nambala imeneyo ikunena za ngolo imene galimoto ingakoke, ngolo yoyenda pa matayala akeake. Njinga sizikokedwa, zimatsamira pa towbar ndi kulemera kwake konse. Nambala yofunika kwa inu ndi ya kulemera kotsikira pansi pamutu. Pa towbar za muyeso wa ku Ulaya imalembedwa ndi chilembo cha S, ndipo pa galimoto zambiri zapabanja imakhala pakati pa makilogalamu 50 ndi 100. Mapikiyapu akuluakulu amaposa pamenepo.

Buku la galimoto nalo limatchula malire ake. Manambala awiriwa akasiyana, tsatirani yaing'ono. Chonyamulira nacho chili ndi malire awiri: kulemera kwa njinga zonse pamodzi, ndi kulemera kwa njinga imodzi pamalo ake. Malire achiwiriwa ndi amene ambiri saŵerenga.

Tiyeni tiŵerengere limodzi. Tinene kuti towbar yanu yalembedwa makilogalamu 75. Chonyamulira chokha chikulemera 15. Zatsala 60 za njinga. Ngati muli ndi njinga zamagiya zopepuka za makilogalamu 14 iliyonse, zitatu zikwana 42, ndipo muli bwino. Koma njinga ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief linapangira misewu ya kumudzi ndipo kaliyala wake amasenza makilogalamu 100, payokha imalemera makilogalamu 23 kapena 24. Ziwiri ndi 48, zikwanabe. Zitatu ndi 72: mwadutsa malire ndi makilogalamu 12, ngakhale katoni yalembedwa kuti chonyamuliracho n'cha njinga zinayi. Ndipo ngati malo a njinga imodzi amalola makilogalamu 15 okha, monga zilili ndi zonyamulira zambiri zotchipa, ndiye kuti ngakhale Buffalo imodzi yokha siyenera kukwerapo.

Towbar yopanda nambala, imene wina anawotcherera pagalaja zaka zapitazo, muitenge ngati yofooka kufikira makaniko wodalirika ataiona. Pa yotere musapitirire njinga ziwiri.

Ikani njinga pasikelo

Musayerekeze kulemera kwa njinga ndi dzanja. Njinga zachikale zamatayala a mainchesi 28, monga Hero, Avon, Humber ndi Phoenix, zimalemera mozungulira makilogalamu 20, ndipo zambiri zinawonjezeredwa zitsulo. Ya kabaza imakhala ndi kaliyala wowotcherera wa nsimbi zonenepa, khushoni, zopondera ndi zogwirira wokwera. Ya wogulitsa makala mwina anaiwonjezera masipoko ndi zitsulo zolimbitsa foloko. Zonsezi ndi makilogalamu. Njinga zoyendera batire zimayambira makilogalamu 20 mpaka kufika 30.

Kuyeza n'kosavuta. Pitani kwa ogula nandolo kapena chimanga amene ali ndi sikelo yopachika, mukoleke njinga ndi chingwe pafelemu. Ngati kunyumba muli ndi sikelo yopondapo, imanipo mutanyamula njinga, kenako imanipo nokha, muchotsere. Lembani kulemera kwa njinga iliyonse ya pabanja papepala, ndipo pepalalo mupite nalo kogula.

Yezaninso kutalika kwa njinga kuchokera kumapeto kwa tayala lakutsogolo kufika kumapeto kwa lakumbuyo. Njinga ya munthu wamkulu imafika mita 1.7 mpaka 1.9. Galimoto zazing'ono za ku Japan zija m'lifupi mwake sizidutsa mita 1.7. Ndiye kuti matayala a njinga azituluka m'mbali. Mumsewu wa Masauko Chipembere mwina simungadandaule, koma podutsa pamsika wa Limbe kapena ku Ndirande, pamene njinga zamoto za kabaza ndi anthu oyenda pansi amadutsa mokhudza galimoto, masentimita khumi otulukawo akhoza kukola munthu. Njinga ikatuluka kwambiri, chotsani tayala lakutsogolo muliike m'kati.

Galimoto zazitali kumbuyo

Apa tichedwepo, chifukwa ndi pamene ngozi zambiri zimabadwira.

Aliyense amene anakhalapo pampando wakumbuyo kwenikweni kwa basi amadziwa kuti hampu imene dalaivala sanaimve n'komwe, wakumbuyo imamuponya mpaka mutu kugunda denga. Chifukwa chake n'chakuti mpandowo uli patali kuseri kwa matayala akumbuyo. Chinthu chikatalikira matayalawo, chimakwera ndi kutsika kwambiri, ndiponso mwaliwiro. Njinga za pa towbar zili kuseri kuposanso mpando umenewo. Pa galimoto yaing'ono mtunda wochokera pamatayala kufika pa towbar sukwana mita imodzi. Pa motorhome ukhoza kufika mamita awiri kapena kuposa, ndipo masipuling'i ake ndi olimba ngati a lole, samwa bampu mofewa. Pa hampu iliyonse, njinga zimadzuka n'kugwa, ndipo pakugwapo chitsulo chimamva kulemera koposa kumene sikelo inaonetsa. Chitsulo sichithyoka tsiku loyamba. Chimayamba ndi kamng'alu kosaoneka pafupi ndi powotcherera, kamakula ulendo ndi ulendo, mpaka tsiku lina chonyamulira chonse chimagwera mumsewu patsogolo pa galimoto ya wina.

N'chifukwa chake makampani opanga zonyamulira, monga Thule, Yakima ndi Swagman, amasiyanitsa zonyamulira zololedwa pa motorhome ndi zosaloledwa. Ku America zololedwazo zimalembedwa kuti RV approved kapena RV rated. Ngati muli ndi motorhome, kapena mukufuna kumanga chonyamulira kumbuyo kwa kalavani kapena ngolo yokokedwa, funani mawu amenewo m'buku la chonyamuliracho. Ngati mulibe, musagule, ngakhale wogulitsa atanena kuti n'cholimba. Ena amaloleza pa motorhome koma amaletsa pa ngolo yokokedwa, choncho ŵerengani bwino. Eni ake a Hiace, Quantum, Coaster ndi mapikiyapu aatali angachite bwino kutsatira muyeso womwewo.

Pali chinanso. Katundu wa kuseri kwa matayala akumbuyo amalemetsa matayalawo kuposa kulemera kwake, ndipo amapepukitsa akutsogolo. Tinene kuti pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pali mamita 3.5, ndipo njinga zili mamita 2 kuseri kwa akumbuyo. Chonyamulira ndi njinga zikalemera makilogalamu 70, matayala akumbuyo amva makilogalamu 110, pomwe akutsogolo apepukidwa ndi 40. Motorhome imakhala italemedwa kale kumbuyo ndi thanki yamadzi, gasi ndi katundu. Matayala akutsogolo ndiwo okhotetsa. Amene anatsikapo zikhotakhota za ku Chikwawa polowera ku Thabwa akudziwa kuti pamenepo chiwongolero chiyenera kugwira pansi mokwanira.

Musagwiritse zitsulo zotalikitsira mkono wa chonyamulira kuti chidutse tayala la sipeya kapena makwerero. Opanga ambiri amachenjeza kuti chotalikitsira chimachepetsa mphamvu ya towbar, mwina mpaka theka. Komanso musamange chonyamulira pa bampala ya motorhome kapena pa makwerero akumbuyo. Zimenezo sanazipangire katundu wolendewera.

Chopachika kapena chokhazika

Zonyamulira za pa towbar zilipo za mitundu iwiri.

Chopachika chili ndi mtengo woimirira ndi mikono iwiri. Njinga mumaikoleka pa chitsulo chapamwamba cha felemu, matayala ali lende. N'chopepuka, n'chotchipa, ndipo chimasungika mosavuta. Koma njinga zimagwedezeka n'kumagundana, ndipo kulemera kwake kuli m'mwamba kotero kuti tsinde limavutika. Njinga ya amayi yopanda chitsulo chapamwamba, ndi njinga za ana, sizikhala bwino pokhapokha mutagula kachitsulo kena kolumikiza handulo ndi chishalo. Kwa banja la njinga ziwiri zopepuka, pa galimoto yaing'ono, ulendo wa pa tala wopita ku Zomba, chopachika chikwanira.

Chokhazika chili ndi ngalande ziwiri kapena zitatu zimene matayala amakhalamo, ndi dzanja logwira felemu. Njinga imaima pa matayala ake, siilendewera, siigunda inzake. N'cholemera, mwina makilogalamu 14 mpaka 20, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Koma malo a njinga imodzi amalola makilogalamu 20 mpaka 30, malinga ndi mtundu wake. Kwa njinga zathu zolemera, kwa misewu yafumbi, ndiponso kwa galimoto iliyonse yaitali kumbuyo, ine ndimalangiza chokhazika. Ndi bwino kugula chokhazika cha njinga ziwiri kusiyana ndi chopachika cha njinga zinayi.

Posankha chokhazika, onani mmene chimagwirira njinga. Zina zili ndi mbedza yopanikiza tayala lakutsogolo kuchokera pamwamba. Zimenezi anazipangira njinga zopanda madigadi. Pa njinga yathu mbedzayo iphwanya madigadi ndipo siigwira tayala. Funani chogwira felemu. Njinga zachikale zilinso ndi mabuleki a timitengo tachitsulo toyenda m'mbali mwa felemu. Dzanja logwira likapanikiza pamenepo, kamtengoko kamapindika ndipo buleki siigwiranso. Sunthani dzanjalo ligwire chitsulo cha pansi pa chishalo. Onaninso ngati ngalande zikutalikirana mokwanira, pakuti njinga za mainchesi 28 ndi zazitali pakati pa matayala kuposa zamagiya zambiri.

Mahampu, ekizozi ndi chitseko

Blantyre ndi mzinda wa zitunda. Njira zambiri zolowera m'nyumba ku Namiwawa, Sunnyside, Chilomoni ndi Soche zimatsika kapena kukwera mwadzidzidzi kuchokera pamsewu, ndipo pamakhala ngalande yamadzi. Onjezani mahampu a m'matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu wa ku Zomba ndi wa Midima. Matayala akutsogolo akakwera, kumbuyo kumatsika, ndipo choyamba kukhula pansi ndi chonyamulira. Pa galimoto yaitali kumbuyo vutoli limakula. Sankhani chonyamulira chimene ngalande zake zili pamwamba pa mutu wa towbar, osati pansi pake. Mukachimanga koyamba, wina aime pambali aone pamene mukutuluka pageti panu pang'onopang'ono.

Ekizozi imatulutsa mpweya wotentha wokwana kusungunula tayala la njinga, lamba wa pulasitiki ngakhalenso limu yopepuka. Onani kumene paipi yaloza. Ngati yaloza pa tayala, sunthani njinga kapena pitani kwa okonza ekizozi akapindire kamwa yake pansi. Pokwera phiri la Zomba kupita ku Ku Chawe, injini ikugwira ntchito yaikulu pa giya yotsika, ndi pamene kutenthako kumafika pachimake.

Galimoto zokhala ndi tayala la sipeya pachitseko, monga Prado, Pajero ndi RAV4 yakale, zimafuna kuyeza mosamala: kuchokera pamutu wa towbar kukwera m'mwamba, kodi sipeya yatuluka motani? Zonyamulira zambiri zimagunda sipeyayo. Chitseko nacho chiganizireni. Zonyamulira zina zimapendekera kumbuyo mukaponda kachitsulo, kuti buti itseguke njinga zili pomwepo. Zimathandiza pa chitseko chotsegukira m'mwamba. Chitseko chotsegukira m'mbali chimafuna chonyamulira chozungulira pa hinji. Dziwani kuti hinji iliyonse ndi malo ofooka. Pa motorhome, ngati kumbuyo kulibe chitseko chimene mumachifuna paulendo, tengani chosapinda konse.

Nambala ya galimoto ndi magetsi

Njinga ziwiri zikakhala kumbuyo zimabisa nambala puleti, magetsi a mabuleki ndi ma indiketa. Lamulo la pamsewu limafuna kuti zonsezi zizioneka, ndipo apolisi apamsewu pa Zalewa kapena pa rodibuloko ina iliyonse ali ndi chifukwa chokuimitsani zikabisika. Koma chachikulu si chindapusa. Madzulo a chiperoni ku Bvumbwe ndi ku Thyolo, nkhungu itatseka msewu, woyendetsa lole amene ali pambuyo panu amadalira magetsi anu ofiira kuti adziwe kuti mwaima.

Zonyamulira zabwino zimabwera ndi thabwa lokhala ndi magetsi ake ndi malo a nambala. Thabwalo limalumikizidwa pa soketi ya pafupi ndi towbar, imene imakhala ya mapini 7 kapena 13; kachida kosinthira pakati pa ziwirizi kamagulitsidwa. Ngati galimoto ilibe soketi, wamagetsi a galimoto akhoza kuikapo. Za nambala yachiwiri yoika pathabwalo, funsani ku ofesi ya Road Traffic njira yovomerezeka. Nambala yolemba ndi makala pakatoni siithandiza. Musananyamuke, mwana kapena mnzanu aime kumbuyo pamene mukuponda buleki ndi kuyatsa ma indiketa mbali zonse.

Kugula kapena kuwotcheretsa

Zonyamulira zafakitale zimapezeka mosavuta ku South Africa, kumene kuli mitundu ngati Thule ndi Holdfast. Achibale a ku Johannesburg akhoza kutumiza pa basi kapena pa lole zodzera ku Tete ndi Mwanza. Poŵerengera mtengo muikepo zonyamulitsa ndi msonkho wa pachipata. Muwatumizire chithunzi cha towbar yanu, cha kachitsulo ka manambala, ndi pepala lija la kulemera kwa njinga. Nthawi zina alendo omaliza ntchito yawo m'dziko muno amagulitsa zawo. Chogwiritsidwapo ntchito chiyang'aneni powotcherera ponse, muone ngati malamba sanaume ndi dzuwa, ndiponso ngati makiyi alipo.

Mabanja ambiri adzapita kwa amisiri athu owotcherera a ku Ndirande, Bangwe, Chirimba kapena Limbe, ndipo palibe cholakwika. Mmisiri wabwino akhoza kupanga chokhazika cholimba kuposa chotchipa cha m'sitolo, chopimidwa pa njinga yanu yeniyeni. Koma mmisiri wa mageti ndi mawindo sanazolowere chitsulo chimene chimagwedezeka maola ambiri, choncho mukambirane naye izi.

Asawotcherere kanthu pa towbar kapena pamutu wake, ndipo asaiboole. Moto umafooketsa chitsulo chimenecho. Njira yabwino pa towbar ya mabawuti awiri ndi kupanga chitsulo chafulati chonenepa chokhala ndi mabowo awiri, chimene chimalowa pakati pa towbar ndi mutu, n'kumangidwa ndi mabawuti omwewo. Mabawuti ayenera kukhala otalikirapo, ndipo pamutu pake pakhale nambala 8.8 kapena yoposa. Bawuti yopanda nambala ndi yofewa. Musailole ngakhale ikuwala. Manati akhale odzitsekera okha, a pulasitiki m'kati.

Mapaipi akhale a ngodya zinayi, onenepa mamilimita osachepera 2, ndipo mkono waukulu ufike 3. Paipi yopyapyala ya mipando siyenera. Pamene mkono wakumana ndi chitsulo chafulati aikepo tizitsulo ta ngodya zitatu tolimbitsa, chifukwa mng'alu umayambira pomwepo. Awotcherere mozungulira monse, osati modontheza. Muone ntchitoyo asanapake penti, pakuti penti ndi phala zimabisa mabowo. Njinga yoyamba ikhale pafupi ndi galimoto mmene zingathekere, kungosiya mpata woti handulo isagunde galasi. Akamaliza, chiikeni pasikelo, popeza zowotcherera kwathu zimakonda kulemera, ndipo kulemerako kumadya gawo la njinga.

Chiyeseni musanaikepo njinga. Mangani matumba amchenga olemera mofanana ndi njinga zanu, muyende mumsewu wa mahampu pafupi ndi kwanu, kenako muyang'ane powotcherera ponse ndi tochi. Penti ikang'ambika mzere woongoka pafupi ndi powotcherera, pansi pake pali mng'alu.

Pomanga ndi paulendo

Ngati chonyamulira chanu n'choluma pamutu, pukutani girisi yense pamutupo ndi petulo pang'ono kapena sopo. Girisi amathandiza pokoka ngolo, koma amatereretsa chonyamulira mpaka kutembenuka. Ngati n'cholowa m'chibowo, mangani bawuti yoletsa kugwedera kufikira mkono utasiya kugogoda.

Njinga yolemera kwambiri ikhale pafupi ndi galimoto, yopepuka kunja. Muzisemphanitse, ina handulo kumanja, ina kumanzere. Chotsani pampu, basiketi, nyale, mpando wa mwana ndi batire. Musamange thumba la ufa kapena nkhuku pa kaliyala wa njinga imene ili pa chonyamulira. Katundu yense alowe m'galimoto. Pamene zitsulo zikukhudzana ikani chidutswa cha chubu chakale. Malegeni ndi abwino poletsa tayala kuzungulira ndi handulo kutembenuka, koma asakhale ndiwo ogwira njinga, chifukwa amatamuka ndipo dzuwa limawadula. Gwiritsani malamba a nsalu yolimba okhala ndi chomangira chachitsulo, ndipo lamba mmodzi azungulire njinga zonse n'kukagwira ku towbar yeniyeniyo, kuti dzanja likamasuka njinga isagwe. Musafunditse njinga ndi tenti kapena pepala lapulasitiki: limakoka mphepo ndipo limabisa magetsi.

Malamba amakhwepa m'makilomita oyambirira. Imani msanga muone: pa Bvumbwe ngati mukupita ku Thyolo, pa Njuli ngati mukupita ku Zomba, pa Lunzu ngati mukulowera ku Lilongwe, ndipo pa Mpemba musanayambe kutsetsereka kupita ku Chikwawa. Gwedezani njinga iliyonse, gwirani mabawuti, khudzani tayala loyandikana ndi ekizozi. Mukasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, monga wa ku Neno, chepetsani liwiro kwambiri ndipo muziima kawirikawiri. Zonyamulira zambiri zafakitale sanazipangire misewu yotere, ndipo mabuku ake amanena zimenezi. Pa hampu, musafulumire kuponda mafuta matayala akutsogolo akangodutsa. Dikirani akumbuyo atsike.

Pobwerera m'mbuyo kumbukirani kuti galimoto yanu yatalika ndi pafupifupi mita. Poimika mu Victoria Avenue kapena mu Haile Selassie Road, chonyamulira chimatulukira mumsewu. Loko wa chonyamulira amachedwetsa wakuba koma samuletsa; onjezani tcheni chodutsa m'mafelemu onse ndi ku towbar, ndipo mukaima pamsika wina atsale m'galimoto. Usiku tsitsani njinga muzilowetse m'nyumba.

Mukafika, njinga imakhala itamwa fumbi kapena matope onse a kumbuyo kwa galimoto. Pukutani tcheni muthire oilo, ndipo yesani mabuleki musanampatse mwana. Chonyamulira chichotseni chikakhala kuti sichikugwira ntchito, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, muchisunge pouma. Madzi akalowa m'mapaipi dzimbiri limadya kuchokera m'kati, choncho mmisiri aboole kabowo kakang'ono kotulutsira madzi kunsi kwa paipi iliyonse yotsekedwa.

Ngati galimoto ilibe towbar

Kuika towbar n'kotheka pa galimoto zambiri, koma ikhale yopangidwira mtundu wa galimoto yanu, yomangidwa ndi mabawuti m'mabowo amene fakitale inasiya. Galimoto zina zazing'ono sizinapangidwe kuti zikhale nayo. Funsani kwa ogulitsa galimoto za mtunduwo musanalipire aliyense. Ngati njinga mumainyamula kamodzi kapena kawiri pachaka, ndalama za towbar ndi chonyamulira sizibwerera. Pindani mipando yakumbuyo, yalani katoni, chotsani tayala lakutsogolo ndi pedulo limodzi, tembenuzani handulo, njinga ilowa mu Sienta kapena Probox chitseko n'kutsekeka. Pedulo lakumanzere limamasuka mozungulira mosemphana ndi lakumanja. Musalikakamize ndi sipanala. Mu pikiyapu, imikani njinga motsamira kutsogolo kwa bodi, muimange mbali zonse ziwiri, ndipo pansi pa matayala ndi pamene felemu yakhudza chitsulo muikepo matumba opanda kanthu.